Kugula ndi kukonza njinga yamoto yakale: malangizo kwa amene mukuyamba kumene

Ambiri amene amagula njinga yamoto yakale koyamba amagwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, amagula ndi maso: penti ikuwala, injini yalira, basi ndalama apereka. Chachiwiri, akafika nayo pakhomo amamasula zonse tsiku limodzi, ndipo pakatha miyezi njinga ija imakhala ili mbwee m'makatoni, mwini wake osakumbukanso kuti bawuti iyi inachoka pati. Njinga yakale ndi yabwino kuphunzirira, ikagwa mtima suwawa kwambiri, ndipo zambiri mutha kukonza ndi manja anu. Bola mutsate ndondomeko yake: mapepala, felemu, zonse zoimitsa njinga ndi zoigwiriza pamsewu, kenako injini. Zokongoletsa zibwere kumapeto.

## Zofunika kukhala nazo

Popita kukaona njinga:
- tochi yowala bwino ndi kansanza koyera
- multimeter yoyezera batire
- chingwe chachitali kapena thabwa lowongoka
- munthu wodziwa njinga amene alibe ubale ndi wogulitsayo

Pokonza:
- buku la malangizo a kakonzedwe ka mtundu weniweni wa njinga yanuyo
- masipanala ndi masoketi, makamaka a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19 mm, komanso sipanala ya pulagi
- masikuludiraiva a JIS (a mtanda, opangidwira masikuluu a njinga za ku Japan) ndi impact driver yomenya ndi hamala
- pulayazi, feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mipata yaing'ono) ndi geji ya mpweya wa m'matayala
- oyilo, girizi, palafini, mafuta a mabuleki, mankhwala otsukira kabuleta ndi mafuta opopera omasula dzimbiri
- beseni lolandirira oyilo wakale, timatumba toikamo mabawuti ndi cholembera

Pa zonsezi, bukulo musalisiye. Manambala amene ndikupereka pano ndi a njinga zambiri zazing'ono, koma mawu omaliza ali m'buku la njinga yanu.

## Kusankha ndi kugula

1. Sankhani mtundu musanaone njinga iliyonse. Woyamba kumene amuyenera njinga yopepuka ya pakati pa 125cc ndi 250cc, ya silinda imodzi, ya four-stroke (yosasakaniza oyilo ndi petulo), yozizira ndi mphepo. Njinga ngati Honda CG125, Suzuki GN125 kapena Yamaha YBR125 zinapangidwa zambirimbiri, ndiye zipangizo zake sizisowa ndipo makaniko aliyense amazidziwa. CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, anaipanga dala kuti izipirira ngakhale kumene siisamalidwa mokwanira. Musanapite kukagula, funsani ogulitsa zipangizo ngati ali ndi magasiketi, makebulo ndi masipuloketi a mtunduwo. Akayamba kukanda mutu, sankhani wina. Mukakhala pa mpando, mapazi onse awiri azifika pansi.

Ndalama zonse musathere pogula. Patulani za helemeti yatsopano, magolovesi, jekete lolimba ndi nsapato zophimba akakolo, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zotsalazo musunge za kukonza.

2. Yambani ndi mapepala. Nambala ya felemu imadindidwa pakhosi pa njinga, pamene pamazungulira mahandulo, ndipo ya injini imakhala pa thupi la injiniyo. Pukutani, walitsani tochi, yerekezani chilembo chilichonse ndi zimene zili pa chikalata cha umwini. Njinga zambiri zopangidwa kuyambira 1981 zili ndi nambala ya felemu ya zilembo ndi manambala 17. Zakale kuposa apo zimatha kukhala ndi yaifupi. Dzina la pa chikalata lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa.

*Chenjezo:* manambala ooneka opalidwa, odindidwa mopendama kapena opakidwa penti yochindikala pamalo pokhapo, tembenukani muzipita. "Mapepala ndikupatsani sabata yamawa" si mawu operekerapo ndalama. Njinga yobedwa imalandidwa kwa amene wapezeka nayo, ngakhale anagula moona mtima.

3. Muzikapeza injini ili yozizira. Uzani wogulitsa kuti asailize musanafike, ndipo mukafika yandikitsani dzanja ku silinda mumve. Injini yotentha imabisa zambiri: kuvuta kulira, utsi wa poyamba, phokoso la zitsulo zotha. Mukaipeza yofunda, funsani chifukwa, ndipo ngati n'kotheka mubwerenso tsiku lina m'mawa.

4. Yang'anani felemu ndi miyendo. Apa khalanipo nthawi, chifukwa injini imakonzedwa koma felemu yopindika si ya woyamba kumene. Onani pakhosi ndi pamene pamangiriridwa injini ngati pali ming'alu, powotcherera pachilendo kapena penti yosweka mizeremizere. Tizitsulo toletsa mahandulo kupitirira tikakhala tophwanyika, njingayo inagwapo mwamphamvu. Imikani njinga chilili, mahandulo atalunjika, tambasulani chingwe m'mbali mwa tayala lakumbuyo mpaka kutsogolo mbali zonse ziwiri: mpata wa pa tayala lakutsogolo ufanane uku ndi uku.

Kenako kwezani tayala lakutsogolo m'mwamba. Tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono. Akamakodwa pakatikati, ma bearing apakhosi atha. Gwirani tayala lililonse ndi manja awiri, ligwedezeni cham'mbali, lisachite khwekhwerere. Pa mashoko akutsogolo, pitirizani chala pa mapaipi owala aja. Mafuta akakhalapo, ma seal (timphira totsekera mafuta) atha, ndipo imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Koma mukamva timaenje ta dzimbiri pamene seal imadutsa, dziwani kuti mapaipiwo ndi osintha, apo ayi seal iliyonse yatsopano idzang'ambika. Masipoko agogodeni ndi sipanala: olimba amalira ngwee, omasuka amangoti phu.

5. Tsekulani thanki ndi poikira oyilo. Walitsani tochi m'thanki. Dzimbiri lochepa limatsukika, koma thanki yotupa penti m'munsi ndiye kuti yatsala pang'ono kubooka. Oyilo wakuda si vuto lalikulu. Woyererako ngati wasakanizidwa ndi mkaka ali ndi madzi, wonunkha petulo akusonyeza kuti kabuleta imasefukira, ndipo wokhala ndi tizitsulo tonyezimira pa kansanza kanu akukuuzani kuti m'kati muli chimene chikudyeka. Wochepa kwambiri akukuuzani za mwini wake.

6. Lizani injini, mvetserani, yang'anani utsi. Ngati ili ndi kiki, pondani pang'onopang'ono mumve kulimba kwake. Kiki yongotsika pululu ndi chizindikiro cha injini yotha mphamvu. Injini yabwino imalira mutaponda kangapo chabe, ndipo ikatenthako imalira yokha popanda kuigwirira mafuta. Utsi wabuluu wosatha pa four-stroke ndi oyilo akupsa, kawirikawiri chifukwa cha maring'i kapena ma seal a mavalavu. Wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo umenewo kabuleta ikakonzedwa umatha. Kaphokoso kopepuka ka tiki tiki kumutu kwa injini nthawi zambiri ndi mavalavu ofuna kuchuna. Kugogoda kwakuya kochokera pansi ndi nkhani ina: kumeneko ndi kophwasula injini yonse, musagule.

Yezani batire. Injini ili chete, batire la 12V lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6; mukaliza n'kuonjezako mafuta, lizifika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, njingayo sikutchaja. Njinga zina zakale kwambiri ndi za 6V, ndiye funsani kaye. Yesani nyali zonse, maindiketa ndi hutala, ndipo suzumirani pansi pa mpando. Mawaya olumikiza molumikiza ndi tepi paliponse adzakuvutitsani kuposa injini.

7. Iyesedwe pamsewu. Ngati simunazolowere kuyendetsa, musaphunzirire pa njinga ya mwini; ayendetse amene mwabwera naye. Magiya onse alowe bwino ndipo asatuluke okha akaonjeza mafuta. Injini ikamakwera phokoso koma liwiro osakwera, kilatchi ikuterera. Njinga isakokere mbali imodzi. Akabwerako yang'anani pansi pa injini ngati pakudontha.

Zonse zimene mwapeza zilembeni pamodzi ndi mtengo wa zipangizo zake, ndipo mukambirane mtengo kuchokera pamenepo. Matayala, tcheni, batire ndi makebulo ndi zotsitsira mtengo. Mapepala, felemu ndi kugogoda kwa pansi ndi zosiyira njinga. Mukagwirizana, lembani kalata ya malonda yokhala ndi manambala onse awiri, tsiku ndi ndalama, nonse musaine, kenako sinthani umwini ndi kudula inshuwalansi monga mwa malamulo a dziko lanu.

## Kukonza: yambani ndi zimene zimateteza moyo

Musanamasule kanthu, itsukeni njinga yonse, muone pamene pakudontha ndi pamene pali ming'alu. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse, mabawuti ake muike m'kathumba kolembedwa. Ndipo ntchito imodzi ithe, njinga ilire, musanayambe ina. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi njinga n'kukana kulira, simudziwa kuti mwalakwitsa pati.

8. Matayala. Musanyengedwe ndi mapanga ooneka atsopano. Pambali pa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, pali manambala anayi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Akakhala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000. Lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena lokhala ndi timing'alu m'mbali, lisintheni. Labala wake wauma ndipo pamsewu wonyowa sagwira. Sinthani ndi machubu omwe, pamodzi ndi kalamba kophimba mitu ya masipoko. Ngati pa tayala pali muvi, ulozere kumene gudumu limazungulira. Mpweya muziyeza matayala ali ozizira.

*Chenjezo:* tayala latsopano limaterera. Makilomita 100 oyambirira yendani modekha, makamaka pokhota.

9. Mabuleki. Ngati ndi a dilamu, chotsani gudumu, onani kuchindikala kwa mashu (zitsulo zomatidwa chikopa chimene chimakhuza dilamu poimitsa gudumu). Pa njinga yokhalitsa, chikopa cha shu chimatha kumatuka pa chitsulo chake ngakhale chikuoneka chochindikala, ndipo chikamatuka muli pa liwiro gudumu limakakamira. Ine mashu a njinga imene sindikudziwa mbiri yake ndimangosintha, ndi otsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yake. Fumbi la m'dilamu musaliuzire kapena kulipopera mpweya, chifukwa mashu akale ena ali ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo; pukutani ndi nsanza yonyowa. Pakani girizi wochepa kwambiri pa kamtengo kotambasula mashu, osafikitsa pa chikopa.

Ngati ndi a disiki, mapadi otsala pafupifupi 1.5 mm ndi osintha. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, ndiye amafuna kusintha zaka ziwiri zilizonse. Oderako ngati tiyi atha ntchito. Thirani mtundu wolembedwa pa chivindikiro, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. DOT 5 ndi wa silikoni ndipo sasakanizidwa ndi amenewa. Potulutsa mpweya wolowa m'kapaipi ka buleki, finyani chogwirira, tsekulani kabawuti ka pa kalipa (chitsulo chofinya mapadi pa disiki) pang'ono, tsekani, kenako muzisiya chogwiriracho. Mukasiya musanatseke, mpweya ubwereramo. Kachitini kapamwamba kosungira mafutawa kasaume, ndipo mafutawa akadonthera pa penti tsukani msanga ndi madzi chifukwa amaisupula. Mukamaliza, chogwirira chizilimba chisanafike pa handulo. Ngati chikadali chofewa, musakwere; pitani nayo kwa makaniko mutainyamula.

10. Tcheni, masipuloketi ndi makebulo. Kokani tcheni kumbuyo kwa sipuloketi yaikulu. Mukaona theka la dzino, chatha. Mano osongoka kapena opindikira mbali imodzi nawonso atha. Sinthani zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri, chifukwa chakale chimadya chatsopano msangamsanga. Kulendewera kwa tcheni pakatikati kumakhala 20 mpaka 30 mm pa njinga zambiri za pamsewu. Zungulizani gudumu mupeze pamene chakungika kwambiri, muyezere pamenepo. Kakilipi kolumikizira tcheni, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chikupita. Tsukani ndi palafini, umitsani, pakani mafuta.

*Chenjezo:* musapukute tcheni injini ikulira. Zala zambiri zadukira pamenepa.

Kebulo ya kilatchi, ya buleki kapena ya mafuta ikayamba kuthothoka ngakhale kawaya kamodzi, isintheni. Chogwirira cha mafuta chizibwerera chokha mukachisiya, mahandulo atakhotera kulikonse.

## Tsopano injini

11. Oyilo, pulagi ndi sefa ya mpweya. Tenthetsani injini pang'ono, izimitseni, khuthulani oyilo. Njinga zazing'ono zambiri zilibe filter yotaya koma kasefa ka waya kotsuka, kumbuyo kwa chitsekero chachikulu pansi pa injini. Katsukeni, muone mmene kanakhalira musanakachotse. Gulani oyilo wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA kapena MA2. Kilatchi ya njinga zambiri imakhala m'oyilo momwemo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterera. Ya 125cc imamwa pafupifupi lita imodzi. Yezani njinga itaima chilili pamalo osapendama. Bawuti yokhuthulira muiyambe ndi zala, muike washa watsopano, ndipo musaikakamize. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kupululuka.

Pulagi yakale ikuuzani nkhani: yoderako pang'ono ndiye kuti zili bwino, ya mwaye wouma petulo wachuluka, yonyowa oyilo injini yatha, yoyera mbee petulo wachepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Ikani yatsopano ya nambala ya m'buku. Sefa ya siponji imatsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Ikamafumbutuka mukaigwira, gulani ina. Yapepala simaitsuka.

12. Thanki ndi kabuleta. Njinga yokhalitsa osayenda, vuto lake lalikulu limakhala pano. Petulo wakale amauma n'kusiya phula lotseka timabowo. Ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi moto ndi ndudu.

Yambani ndi thanki, apo ayi kabuleta yoyera idzatsekanso mawa lake. Khuthulani petulo, chotsani kampopi ka pansi, tsekani bowolo, ikanimo manati ochepa amene mwawawerenga, khutchumulani kuti dzimbiri lisweke. Dzazani viniga, asiyeni tsiku limodzi kapena awiri, tulutsani manati onse aja, tsukuluzani ndi madzi osungunulamo soda, umitsani bwinobwino, ndipo mudzaze petulo msanga dzimbiri lisanabwerere. Sinthani kapaipi ka petulo ndipo muikepo filter yaing'ono.

Pa kabuleta, masikuluu a njinga za ku Japan ndi a JIS, ndipo ambiri amakhala ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva wamba wa mtanda amadumphadumpha n'kuwononga mutuwo. Yokakamira ipopereni mafuta, dikirani, gwiritsani ntchito impact driver mosamala. Musanachotse sikuluu yochunira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, ilowetseni pang'onopang'ono mpaka itangogunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, mulembe. Pobwezeretsa mudzaibweza chimodzimodzi. Tsekulani kambale kapansi, chotsani choyandama, kasingano kake ndi majeti awiri (timasikuluu tabowo todutsa petulo). Jeti yaing'ono ndi imene imatseka kawirikawiri, ndipo ndi imene imachititsa kuti njinga izizima mukasiya mafuta kapena izilira pokhapokha mutakoka tchoki. Viikani majeti m'mankhwala, poperani timabowo tonse, yang'anirani jeti iliyonse kowala muone kabowo kozungulira bwino. Zalabala zisalowe m'mankhwala.

*Chenjezo:* musatokose jeti ndi singano kapena waya wachitsulo. Jeti ndi ya mkuwa wofewa. Bowo likakula pang'ono pokha, njinga idzamwa petulo mpaka mutagula ina.

Onaninso kapaipi ka labala kolumikiza kabuleta ndi injini. Kakang'ambika kamayamwa mpweya wakuba, ndipo mudzachuna tsiku lonse osaphula kanthu.

13. Mavalavu. Iyi imaopsa pongoimva, koma pa injini ya silinda imodzi ndi ya sipanala ndi feeler gauge basi. Injini ikhale yozizira kwenikweni, yogona usiku wonse. Zungulizani mpaka chizindikiro cha T chigwirizane ndi kamzere ka pa thupi la injini, tizitsulo tonse tiwiri tokankha mavalavu tikugwedera pang'ono. Ngati tathina, zungulizaninso kamodzi kathunthu. Mpata wake ndi waung'ono kwambiri, pa njinga zambiri pakati pa 0.05 ndi 0.15 mm, ndiye tengani nambala yeniyeni m'buku. Geji izilowa mokanirirako pang'ono. Mukamanga nati yezaninso, chifukwa mpata umasuntha pomanga. Valavu yothina ndi yoipa kuposa yolira: siitseka bwino, imapsa, ndipo injini imavuta kulira.

14. Magetsi. Pochotsa batire yambani ndi waya wa negetivu, pobwezeretsa mumalize nawo. Mavuto ambiri a magetsi pa njinga yakale ndi dzimbiri polumikizira ndi pa waya wopita ku felemu. Palani, pakani girizi pang'ono, mangani. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, fufuzani waya wosupuka. Musaikepo yaikulu kapena kumangapo waya.

15. Ulendo woyamba. Yendani pa bawuti iliyonse imene munaigwira, makamaka za magudumu ndi mabuleki. Yesani mabuleki mukukankha njinga ndi manja. Kenako pezani bwalo lopanda magalimoto, mutavala zonse, muyeserere kunyamuka, kuima ndi kukhota. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwambiri; phunzirani kuifinya mwapang'onopang'ono, osati kuitsamwitsa. Mukabwerako onaninso mabawuti, tcheni ndi podontha. Pamsewu mulowe muli ndi laisensi, ndipo ngati kuli sukulu yophunzitsa kuyendetsa njinga yamoto, pitaniko.

## Zolakwika zofala

Kugula njinga yosalira chifukwa wogulitsa wati "ndi batire chabe". Likanakhala batire chabe, bwenzi atalisintha n'kugulitsa pa mtengo wabwino. Njinga imene simunaimve ikulira muiwerengere ngati ya injini yowonongeka.

Kugula yaikulu poganiza kuti yaing'ono mudzatopa nayo msanga. Njinga yolemera imakugwetsani ngakhale mutaima, ndipo yamphamvu siikhululuka dzanja likalakwitsa.

Kukhulupirira mileji. Mita imasinthidwa kapena kufa. Mphira wa popondera, zogwirira za mahandulo ndi disiki ya buleki ndi zimene zimanena zoona.

Kuthamangira penti, mpando watsopano ndi ekizozi yaphokoso matayala ali ouma. Kuchotsa bokosi la sefa ya mpweya kapena kusintha ekizozi kumasokonezanso kasakanizidwe ka petulo, ndipo woyamba kumene amavutika kukabwezeretsa.

Kumanga mabawuti ndi mphamvu zonse, makamaka ang'onoang'ono a 6 mm. Ngati mungathe, bwerekani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira.

Kupaka silikoni wambiri m'malo mwa gasiketi. Wotsalayo amagwera m'kati n'kutseka njira za oyilo.

Kuliza injini m'chipinda chotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo umapha.

Kugula helemeti yakale kuti ndalama zitsale. Imene inagundapo pansi mwamphamvu imakhala itaphwanyika m'kati ngakhale kunja ikuoneka bwino. Gulani yatsopano yokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT, yogwira mutu osagwedera, ndipo lamba wake muzimanga nthawi zonse.

Kuumirira ntchito imene yakukulirani. Kuwongola felemu, kuphwasula pansi pa injini, kumanga masipoko a gudumu lonse ndi kuchotsa bawuti yodukira m'kati ndi za makaniko wokhala ndi zida zake. Mupite nayo musanaononge zambiri, ndipo mupemphe kuimirira pambali muone mmene akuchitira.